Foni yanu ikhale gadiyani wachiwiri: malangizo kwa inu amene mwamaliza mankhwala a khansa

Usiku wina mu Januwale denga la nyumba ya azakhali anga linadontha, madzi n'kulowa m'katoni momwe ankasungamo mapepala. Kutacha tinapeza buku lawo la kuchipatala litanyoweratu, masamba atamatana. Tinaliyanika pa lichero, n'kumalekanitsa tsamba limodzilimodzi ndi nsonga ya mpeni, koma inki inali itasungunuka kale. Tsamba lomwe panali zotsatira za kanyama kamene anawadula pa khomo la chiberekero linangosanduka buluu. Patapita miyezi iwiri anakakumana ndi dokotala wachilendo, yemwe anawafunsa zinthu zitatu: khansa yanu inali pa siteji yanji (kutanthauza kuti inali itakula kapena kufalikira kufika pati), munalandira mankhwala anji, ndipo kangati? Azakhali anandiyang'ana ine, inenso ndinayang'ana pansi. Iwo anangoti, "Anali a m'diripi, adokotala."

Ndikulembera inu amene mwamaliza opareshoni, kemo (mankhwala amphamvu opha khansa) kapena kuwotcha khansa ndi makina, pamodzi ndi magadiyani anu. Nthawi imene muli pa mankhwala pamakhala anthu okuwerengerani masiku: anamwino, gadiyani, ndi anzanu a pa benchi. Tsiku lomwe mwauzidwa kuti "mwamaliza, mudzabwere pakatha miyezi itatu," onsewa amabalalika. Gadiyani amabwerera kumunda kwake, achibale amati mwachira, ndipo ntchito yokumbukira zonse imakutsalirani nokha, pamene thupi likadali lotopa ndipo mutu ukuiwalaiwala. Apa m'pamene foni imathandiza. Siichiza khansa, koma imadziwa kusunga, kukumbutsa ndi kufikitsa mawu patali. Zambiri mwa zimene ndalemba apa zimatheka ngakhale ndi kafoni ka mabatani.

Choyamba: jambulani mapepala anu onse, lero lomwe

Sonkhanitsani buku la kuchipatala, makalata, timapepala ta ku labu, mapepala a sikani, khadi la ma ARV ngati mumamwa, ndi mapaketi a mankhwala. Khalani pakhonde masana, pamthunzi pomwe pali kuwala kokwanira. Pukutani kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa, chifukwa foni zathu zimakhala m'matumba ndi m'chitenje ndipo kagalasiko kamachita mafuta. Yalani pepala pa tebulo kapena pa mphasa, foni ikhale pamwamba pake osapendekeka, ndipo zimitsani fulashi poti imaphimba zolemba. Mukajambula, kulitsani chithunzicho ndi zala ziwiri. Ngati inuyo mukulephera kuwerenga manambala, dokotalanso adzalephera. Jambulaninso.

Yambirani pa chikuto. M'zipatala zambiri amamatapo kasitika ka timizere takuda ndi nambala yanu, kamene amaunika ndi makina kuti dzina lanu lituluke pa kompyuta. Njira imeneyi inayambira pa Kamuzu Central Hospital ndi a bungwe la Baobab Health kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Buku likatayika koma nambalayo muli nayo, kukupezani m'kompyuta kumaphweka.

Pepala loposa onse ndi lija la zotsatira za kanyama, chifukwa ndi limene limatchula mtundu weniweni wa khansa. Khansa ya m'mawere si imodzi: ina imakula ndi mahomoni a m'thupi, ina ayi, ndipo mankhwala ake amasiyana. Kenako pezani pamene analemba siteji. Pezaninso kalata ya opareshoni, yonena chimene anachotsa ndi chimene anasiya: chiberekero chokha kapena ndi timatumba ta mazira tomwe, bere lokha kapena ndi anabere a m'khwapa.

Mayina a mankhwala a kemo musawataye, ngakhale ndi ovuta kutchula. Ena amasiya zipsera zomwe zimadzaoneka mochedwa. Doxorubicin, wofiira uja, amatha kufooketsa mtima patapita zaka. Cisplatin amakhudza impso ndi makutu. Vincristine ndi paclitaxel amachititsa dzanzi m'zala za kumanja ndi za kumapazi. Mukadzapita kuchipatala zaka zisanu zikubwerazi mukubanika, dokotala wodziwa kuti munalandirapo doxorubicin adzayambira kuyeza mtima m'malo mongokupatsani mankhwala a chifuwa.

Ngati munawotchedwa, sungani pepala lonena malo amene anawotcha ndi mlingo wake, chifukwa malo owotchedwa kale sawotchedwanso mwachisawawa. Kwa zaka zambiri Amalawi ankapita ku India, Kenya, Tanzania kapena Zambia kukalandira thandizoli, mpaka Blantyre International Cancer Centre itatsegulidwa mu 2024, ndipo tsopano likupezekanso ku National Cancer Centre ku Lilongwe. Inu amene munapita kunja, dziwani kuti mapepala amene munabwera nawo mwina ndi okhawo amene alipo m'dziko muno. Asamaleni koposa.

Ulendo wotsatira wa kuchipatala, pemphani adokotala kapena anamwino kuti akulembereni zonsezi mwachidule pa tsamba limodzi. Nenani mwaulemu kuti, "Ndithandizeni kundilembera mtundu wa khansa, siteji, mankhwala amene ndinalandira ndi tsiku lomwe ndinamaliza." Ndi ntchito ya mphindi zochepa, ndipo tsamba limeneli ndilo mudzayambe kuonetsa kulikonse kumene mudzapite.

Tsopano kosunga. Zithunzi zikakhala m'foni mokha, zidzapita limodzi ndi foniyo. Zisungeni malo angapo. M'foni momwemo tsegulani chikwatu chapadera kuti zisasakanikirane ndi zithunzi za ukwati ndi za chinkhoswe. Kenako dzitumizireni nokha pa WhatsApp: mukadina poyambira uthenga watsopano, dzina lanu limaoneka pamwamba pa mndandanda. Potumiza sankhani Document, osati Gallery, kuti chithunzi chisachepe mphamvu zolemba n'kufufutika, ndipo pansi pake lembani mawu ochepa monga "zotsatira za kanyama" kapena "kemo womaliza" kuti mudzathe kufufuza. Ngati muli ndi adiresi ya Gmail, ikaninso pa Google Drive, pomwe munthu aliyense amapatsidwa malo a 15 GB kwaulere. Pomaliza, tumizirani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira. Mmodzi yekha, osati gulu la banja lonse.

Ngati foni yanu ilibe kamera yabwino, pemphani mwana kapena mdzukulu wodalirika akujambulireni, komanso chititsani fotokope masamba ofunikawo kuti ena azikhala kwa m'bale wanu.

Chachiwiri: masiku okaonedwa

Khansa ikafuna kubwerera, kawirikawiri imabwerera m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira. N'chifukwa chake madokotala amayamba ndi kukuitanani pafupipafupi, mwina miyezi itatu kapena inayi iliyonse, kenako miyezi isanu ndi umodzi, kenako kamodzi pachaka. Ndondomeko yanu adzakuuzani ndi iwo. Vuto ndi lakuti masiku amenewa amafika pamene mukumva bwino, mukulima, mukugulitsa, ndipo mtima umanong'oneza kuti ulendo uno basi ungodutsa.

Musanatuluke pa geti la chipatala, lowetsani tsikulo mu kalendala ya m'foni. Ikani zikumbutso ziwiri. Choyamba chilire kutatsala milungu iwiri, pakuti chimene chimalepheretsa ambiri si kuiwala kokha koma thiransipoti, ndipo milungu iwiri imakupatsani mpata wogulitsa nkhuku kapena kutenga ku banki m'khonde. Chachiwiri chilire dzulo lake madzulo, kuti mulongedze buku, mankhwala ndi kamba wa panjira. Mafoni ambiri a mabatani ali ndi kalendala. Yang'anani pamene pali alamu ndi kakyuleta. Uzaninso munthu wina aike tsikulo m'foni mwake.

Funsani anamwino ngati kiliniki ili ndi nambala yomwe odwala amaloledwa kuimba. Munthu wochokera ku Nsanje kapena ku Chitipa akaimba asananyamuke, n'kufunsa ngati zotsatira zatuluka ndiponso ngati kiliniki ikhalapo tsikulo, amapulumutsa ndalama ndi mphamvu zambiri.

Chachitatu: mankhwala a tsiku ndi tsiku

Amayi ambiri amene anadwala khansa ya m'mawere amapatsidwa tamoxifen, kapilisi kamodzi patsiku kwa zaka 5, ena mpaka 10. Amene anadwala Kaposi, kapena khansa ina iliyonse ali ndi kachilombo ka HIV, chitetezo chawo chagona pa ma ARV. Kumwa mankhwala chaka chachitatu, thupi lili bwinobwino, n'kovuta kuposa kumwa pamene ukudwala.

Tcherani alamu yolira tsiku lililonse nthawi yomweyo, ndipo muimangirire ku chinthu chimene mumachita kale, monga kumwa tiyi kapena kutseka khomo usiku. Ngati simukufuna kuti ena adziwe, itcheni dzina lina, azakhali anaitcha yawo "madzi akumwa." Ikalira musaizimitse musanamwe. Magetsi akavuta foni n'kuzima, mankhwala asazime nawo: khomani kalendala ya pepala pakhoma n'kumachonga. Tsiku lomwe mwalandira mankhwala werengani mapilisi ake, muike chikumbutso kutatsala sabata kuti athe. Jambulani paketi kuti dzina ndi mlingo zioneke, chifukwa mawu oti "timapilisi toyera tating'ono" sathandiza wa ku famase.

Mankhwala akamakuvutani, monga kutentha thupi mwadzidzidzi ndi thukuta la usiku zomwe tamoxifen amabweretsa, musangosiya mwakachetechete. Lembani, mukawauze achipatala.

Chachinayi: lembani zimene thupi likunena

Pamaso pa dokotala, pamene kunja kuli mzere wautali, ambirife timangoti "ndikupezako bwino" kapena "thupi lonse likuwawa." Mawu onse awiriwa samupatsa poyambira. Chimene amafuna kumva ndi chakuti vuto linayamba liti, lili pati, likukula kapena likuchepa, ndipo likukulepheretsani kuchita chiyani.

Pa WhatsApp yodzitumizira nokha ija, kapena pamalo olembapo notsi, muzilemba mizere iwiri pamene mwamva chachilendo. Mwachitsanzo: "Lachiwiri, msana kumunsi, ululu 6, sindinathe kusenza ndowa." Nambalayo ndi muyeso umene achipatala amagwiritsa ntchito, kuyambira 0, kutanthauza palibe ululu, kufika 10, ululu wosapiririka. Ngati kulemba kumakuvutani, kapena zala zachita dzanzi, jambulani mawu. Foni imaika yokha tsiku ndi nthawi.

Kwerani sikelo kamodzi pamwezi, makamaka sikelo yomweyomweyo ya pachipatala chapafupi, n'kulemba makilogalamu. Maso a anthu amene mumakhala nawo sazindikira msanga kuti mukuonda, koma manambala amaulula.

Inu amene anakuchotsani anabere a m'khwapa, mkono wa mbali imeneyo ukhoza kuyamba kutupa ngakhale patatha zaka. Pezani tepi ya telala. Sankhani malo amodzi pamwamba pa chigongono ndi amodzi pansi pake, muyeze mikono yonse iwiri pamalo ofanana kamodzi pamwezi, mulembe. Kusiyana kukafika masentimita 2, kapena mphete ndi chibangili zikayamba kuthina, kauzeni achipatala kutupa kusanakhwime. Chotupa kapena banga la pakhungu lijambuleni mutaika ndalama yachitsulo pambali pake, kuti mwezi wamawa mudzafananize kukula kwake.

Koma pali zizindikiro zina zosafuna kulemba ndi kudikira tsiku la kiliniki. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngati mukutaya magazi ambiri, ngati mukubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, ngati mwendo umodzi watupa n'kumawawa, ngati mkono wotupa uja wafiira n'kutentha, ngati chakudya ndi madzi sizikudutsa pakhosi, kapena ngati msana ukuwawa miyendo n'kumafooka kapena mkodzo n'kumakanika. Chomalizachi musachigonere: mitsempha ya mu msana ikapanikizika, maola ochepa amasiyanitsa woyenda ndi wolumala. Ngati mwangomaliza kumene kemo ndipo thupi latentha kufika madigiri 38, musamwe panado n'kugona, chifukwa nthawi imeneyi asilikali a m'thupi amakhala ochepa ndipo matenda amathamanga. Kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi ka mabatire ndi kotsika mtengo poyerekeza ndi ntchito yake. Khalani nako m'nyumba.

Zina ndi zoti musadutse nazo sabata: chotupa chatsopano, magazi kapena chikazi chonunkha kumaliseche, chifuwa chosatha, kuonda kopanda chifukwa. Kawirikawiri sizikhala khansa, koma wonena zimenezo akhale amene wakuyezani.

Chachisanu: kulankhula ndi achipatala

Safunsa anadya phula. Funso likakubwererani usiku, lilembeni m'foni nthawi yomweyo. Kutatsala tsiku limodzi sankhani atatu ofunika kwambiri, ndipo mukalowa muyambe ndi limene likukusowetsani tulo. Ngati muli ndi manyazi kulitchula, monga nkhani za kuchipinda, onetsani adokotala zimene mwalemba aziwerenge okha. Pamene akufotokoza, mukhoza kupempha kuti, "Kodi mungandilole ndijambule mawu anu kuti ndikamverenso kunyumba?" Akakana, lemekezani, gadiyani alembe. Kujambula munthu mobisa kumaononga ubale umene mudzaufune kwa zaka zambiri.

Ngati namwino wakupatsani nambala yake, dziwani kuti wakuchitirani chisomo. Musamufulashe, ndipo musalembe "Moni" yekha n'kumadikira. Lembani zonse mu uthenga umodzi: dzina, nambala ya pa buku, khansa imene munadwala, tsiku lomwe munamaliza mankhwala, vuto lanu ndi tsiku limene linayamba. Tumizani masana. Akachedwa kuyankha pamene vuto likukula, nyamukani. Uthenga wosayankhidwa si chilolezo chokhala pakhomo. Zithunzi za malo obisika musatumize pa foni, kaonetseni pamaso.

Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chomwe chinayambira ku Balaka mu 2011 ndi bungwe la VillageReach ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Nambala yake yaulere ifunseni ku chipatala chapafupi, ndipo amayankha ndi anthu ophunzira zaumoyo m'chilankhulo chathu. Sangakuyezeni ndipo salowa m'malo mwa dokotala wanu wa khansa, koma pamene mukukayika ngati vuto ndi lodikira kapena lothamangira, kapena mukufuna malangizo a kadyedwe, ndi poyambira pabwino. Sungani nambalayi lero, pamodzi ndi ya alangizi a zaumoyo a m'dera lanu ndi ya wakabaza kapena wagalimoto amene angadzuke usiku.

Chachisanu ndi chimodzi: pezani anzanu

Pali nkhani zimene azakhali sakanandiuza ine, ngakhale ndinagona nawo pansi m'wodi. Anakaziulula kwa amayi anzawo asanu amene anadziwana nawo pa benchi ya kemo, omwe anatsegula kagulu pa WhatsApp. M'menemo ndimo ankakambirana za kuuma ndi ululu pokhala malo amodzi ndi bambo, za mwamuna amene wayamba kuchedwa kubwera, za tsitsi lomera mwa mtundu wina, za kutopa kumene apabanja amakuyesa ulesi, ndi za mantha amene amagwira munthu kutatsala sabata kuti akaonedwe. Kumva mnzako akuti "inenso zinandichitikira, ndipo ndinachita chakuti" kumapepukitsa mtima mwa njira imene ife osadwala sitingathe.

Funsani anamwino a ku kiliniki yanu ngati pali gulu lotere. Mabungwe monga Women Coalition Against Cancer amagwiranso ntchito ndi amayi amene akhudzidwa ndi khansa. Mukasowa, yambitsani lanu ndi anthu atatu kapena anayi amene mukuwadziwa nkhope. Ine ndimakonda gulu laling'ono: likadutsa anthu makumi awiri kapena atatu, ofatsa amasiya kulankhula ndipo ogulitsa malonda amalowerera. Abambo, nkhaniyi ndi yanunso. Khansa ya kummero, Kaposi ndi ya prostate zagwira abambo ambiri kuno, ndipo ambiri amazisenza okhaokha. Chimodzimodzinso makolo a ana amene anachira ku khansa ya Burkitt.

Gwirizanani malamulo tsiku loyamba. Za m'gulu zitsale m'gulu, palibe kujambula zokambirana n'kutumiza kwina. Palibe kuuza mnzako kuti asiye kapena asinthe mankhwala. Palibe malonda. Munthu watsopano alowe pokhapokha wina akumudziwa. Mawu ojambula akhale aafupi, poganizira bandulo ya anzanu. Ndipo kambiranani pasadakhale za chinthu chovuta kwambiri: mmodzi wa inu akadzatisiya, uthengawo usadzangogwa m'gulu usiku ndi chithunzi cha bokosi. Woyang'anira gulu ayambe waimbira aliyense payekha. Ngati nkhani za m'gulu zayamba kukulemerani, muli ndi ufulu wolitseka mawu kapena kutulukamo, osapepesa.

Gulu lili ndi malire ake. Mukakhala milungu iwiri osagona, osafuna chakudya, osasangalala ndi kalikonse, kapena mukayamba kuganiza zodzipha, uzani achipatala. Amenewo ndi matenda ndipo thandizo lake lilipo. Ululu wosatha nawonso si woupirira chabe. Malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth Central Hospital ndi Ndi Moyo ku Salima amadziwa kuthana ndi ululu, ndipo kupitako sikutanthauza kuti mwatayidwa.

Chachisanu ndi chiwiri: chenjerani ndi ogulitsa chiyembekezo

Nkhani iyi imandipweteka mtima. Mukangolemba mawu oti khansa pa Facebook kapena pa TikTok, posakhalitsa muyamba kuona mabotolo, maufa ndi anthu ovala makoti oyera akulonjeza kuchotsa khansa "ndi mizu yomwe." Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu agulitsa mbuzi ndi minda chifukwa cha mavidiyo amenewa, ndipo choopsa kuposa ndalamazo ndi miyezi imene amataya asanabwerere kuchipatala.

Uthenga uliwonse muufunse mafunso awa. Wanena ndani, ndipo akugulitsa chiyani? Kodi akuti mankhwala amodzi akuchiza khansa, shuga, BP ndi kusabereka nthawi imodzi? Kodi akukuuzani kuti musiye za kuchipatala, kapena kuti musawauze adokotala? Kodi akufuna ndalama lero lomwe? Yankho limodzi lokha lokayikitsa ndi lokwanira kuti mutseke. Chammwamba ndi ndiwo zabwino, mandimu ndi chipatso chabwino, koma sizichiza khansa. Zitsamba zina zimalimbana ndi mankhwala amene mukumwa kapena kulemetsa chiwindi ndi impso zomwe zatopa kale ndi kemo, choncho chilichonse chimene mukufuna kumwa chijambuleni mukawaonetse achipatala. Mankhwala ovomerezeka amalembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo madokotala enieni ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Pempherani, pemphereredwani, koma buku la kuchipatala likhalebe m'chikwama.

Mapulogalamu oyankha mafunso monga ChatGPT akhoza kukumasulirani mawu ovuta a pa pepala la ku labu, koma amalakwitsa molimba mtima. Musaikemo dzina lanu, ndipo zimene akuuzani zikhale mafunso okafunsa adokotala, osati chigamulo.

Ndalama za ulendo, ndi kuyenda pang'ono

Sungani ndalama ya thiransipoti padera pa Airtel Money kapena pa Mpamba, pang'onopang'ono mwezi uliwonse. Achibale a ku Joni kapena ku UK akafuna kuthandiza, auzeni masiku a kiliniki a chaka chonse kuti azitumiza nthawi yake, osadikira kuti zinthu zithine. Popempha thandizo pagulu musaike pepala lonse la kuchipatala. Phimbani nambala ndi adiresi, chifukwa akuba amatenga zithunzi zotere n'kumapemphetsa m'dzina lanu. Wina akaimba kuti ndi wa bungwe lothandiza odwala khansa koma muyambe mwatumiza "ya fomu," dulani foni. Nambala yanu yachinsinsi musauze aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni.

Mafoni ambiri amakono amatha kuwerenga mapazi amene mwaponda. Kuyenda kumachepetsa kutopa kotsalira pambuyo pa kemo, ndipo bungwe la WHO limalimbikitsa mphindi zosachepera 150 pa sabata. Yambani ndi mphindi khumi, kukafika pachigayo n'kubwerera, muzionjezera mmene thupi likulolera. M'kalendala momwemo ikaninso tsiku lokumbutsa achemwali ndi ana anu aakazi kukayezetsa khomo la chiberekero, ndi kufunsa za katemera wa HPV, yemwe anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019.

Chomaliza: chinsinsi chanu, ndi tsiku lomwe foni idzatayike

M'makomo ambiri foni imodzi imagwira anthu asanu: bambo, mayi, mwana wofuna magemu, ndi mnansi wodzabwereka kuti aimbe. Matenda anu ndi nkhani yanu, ndipo woyenera kusankha wouzidwa ndinu. Ikani nambala yotsekera foni imene si chaka chanu chobadwa. Pa WhatsApp mukhoza kukhoma zokambirana zina pazokha, monga gulu lija ndi mauthenga odzitumizira nokha, kuti zisatseguke popanda chala chanu kapena nambala yachinsinsi. Yatsaninso Two-step verification, yomwe imafuna manambala 6 munthu asanasamutsire WhatsApp yanu pa foni ina. Konzani kuti mauthenga asamaonekere pagalasi foni ili yokhoma. Popita nayo kwa okonza, chotsani simukhadi ndi memori khadi, ndipo musanaigulitse kapena kupatsa wina, fufutani zonse. Malamulo a dziko lino, kuphatikizapo Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 ndi Data Protection Act ya 2024, alipo oteteza anthu pa nkhani zotere, koma chithunzi chikafalikira sichibwezedwa.

Foni idzatayika, idzagwera m'madzi kapena idzabedwa mu minibasi. Konzekerani tsikulo lisanafike. Lembani adiresi yanu ya Gmail ndi pasiwedi yake pa pepala, mulisunge pamalo amene mumasunga zikalata zofunika. Mu WhatsApp yatsani Chat backup kuti izisunga zokambirana kamodzi pa sabata, ndipo ngati bandulo ndi yovuta muzichita zimenezi mukapeza Wi-Fi. Ikatayika, pitani ku ofesi ya Airtel kapena TNM ndi chiphaso chanu cha unzika kuti akatseke simukhadi yakale n'kukupatsani ina ya nambala yomweyo. Mukalowetsa nambalayo pa WhatsApp ya foni yatsopano, ya m'foni yobedwa ija imatsekeka. Kenako tsegulani Google Drive, kapena pemphani munthu wanu uja akutumizireninso zithunzi.

Zotsatira za azakhali zija tinazipezanso, koma titayenda maulendo awiri, ndipo anatithandiza ndi namwino wina wodekha amene anafufuza m'mabuku akuluakulu a ku kiliniki mpaka anapeza dzina lawo. Buku lawo latsopano limakhala mu majumbo awiri, pamwamba pa kabati. Akatuluka m'chipinda cha adokotala sathamangira kudepoti. Amayamba akhala pa benchi, kupukuta kagalasi ndi nsonga ya chitenje, kujambula tsamba lomwe lalembedwa tsikulo, n'kunditumizira.